Boti la Amuna Anga Limagontha Likafika Pakati pa Dziwe

Aphungu,

Mwina mukawerenga mizere yoyambayi mudabwa kuti mayi wamkulu ngati ine wasowa chodandaula mpaka kulemba kalata yokhudza chidole. Ndikudziwa kuti pa tsamba lanu pamabwera nkhani za maukwati ndi matenda. Koma ndili ndi mantha ogula chinthu cholakwika, ndipo ndikalakwitsa, chowonongeka sichikhala chidolecho ayi, akhala amuna anga.

Amuna anga ndi mmisiri wa malata. Ntchito imeneyi anaigwira zaka makumi anayi ndi ziwiri: ndowa, makeni othirira mbewu, ngalande za madenga, mafanelo, zonsezo. Anthu a mumsewu wathu dzina lawo lenileni analiiwala kalekale, amangowatchula a Sadontha, chifukwa ndowa yawo ukaigula umachita kutopa nayo wekha. Zaka zitatu zapitazo zala zawo zinayamba kuuma, adokotala n'kuwauza kuti apume. Shopu anasiyira ena. Kuyambira pamenepo anasanduka munthu wa pampando wa pawindo. M'mawa pawindo, masana pawindo, kumangoyang'ana magalimoto odutsa. Ndikati, "Bambo, tiyi akuzizira," iwo amvekere, "Azizire, ndikuthamangira kuti?"

Chimene chinawadzutsa ndi maboti. Kupaki ya kwathu kuno kuli dziwe lalikulu ndithu, ndipo Loweruka loyamba la mwezi uliwonse kumasonkhana abambo opuma pantchito, asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, aliyense ndi kaboti kake koyendera rimoti. Tinawapeza mwangozi tsiku lina pochokera kuchipatala. Amuna anga anaima pamenepo ola lathunthu, manja kumbuyo. Tili m'njira yobwerera anangoti, "Maboti onse aja ndi a matabwa ndi pulasitiki. Palibe ngakhale limodzi la malata." M'mawa mwake ndinamva nyundo kuseri kwa nyumba. Aphungu, ine amene ndakhala ndikudandaula ndi phokoso la nyundo moyo wanga wonse, tsiku limenelo ndinagwetsa misozi ya chimwemwe ndili kukhitchini.

Anakhoma miyezi khumi ndi umodzi. Botilo ndi lotalika ngati mkono wanga kuyambira paphewa, ndipo lonse ndi la malata: pansi, m'mbali, pamwamba, ndi kanyumba ka woyendetsa komwe. Msoko uliwonse anauwotcherera ndi mtovu. Chivundikiro cha pamwamba anachiyalira mphira wa chubu cha njinga n'kuchimanga ndi masikuluu khumi ndi awiri. Atamaliza anaikamo pepala, n'kumiza botilo m'bafa, n'kulitsinjiza ndi njerwa tsiku lonse. Potsegula anandiitana. "Amayi, bwerani mugwire pepalali. Mwamva chinyezi?" Ndinati ayi. "Ndiye muzikawauza anzanu."

Rimoti tinalibe. Mkulu wina wa m'gulu lija, amene kale ankayendetsa mabasi ndipo anzake amangomuti a Dalaivala, anawabwereka yake yakale, ya eriyo yaitali yochita kusolola. Inabwera ndi kabokosi kakang'ono koika m'boti, kokhala ndi kawaya katalikatali. Tsono amuna anga sagwirizana ndi zinthu zolendewera. Kawayako anakakulunga pa pensulo bwinobwino, n'kukamanga ndi ulusi, n'kukagoneka pansi m'botimo pafupi ndi mota kuti madzi asakakhudze. Patebulo la pabalaza, chivundikiro chili potero, zonse zinkayenda: akakankha uku chiwongolero chikhota, akakankha uko mota ilira.

Tsiku lolowetsa boti m'madzi anavala jekete limene anavala paukwati wa mwana wathu. Anamanga masikuluu onse khumi ndi awiri, mmodzimmodzi, anzawo akudikira, n'kuliika pamadzi. Linanyamuka mokongola, anthu mpaka kuwomba m'manja. Koma litangoyenda mapazi ngati makumi awiri, linayamba kugwedeza chiwongolero lokha ngati munthu wokana, kenako linangolunjika tsidya lina osamvanso kanthu. Amuna anga analiloza ndi eriyo ija ngati akuloza mwana wosamvera, uku akukankha timitengo tonse ta parimotiyo, uku akukuwa, "Bwerera iwe!" Boti ulendo, mpaka m'bango.

A Dalaivala anaseka mpaka kugwira m'mimba. "A Sadontha, mwapanga boti kapena ndowa yothawa? Rimoti imeneyo m'boti langa la matabwa imafika tsidya lija n'kubwerako. Vuto si rimoti, achimwene, vuto ndi laisensi. Mubwere Lolemba ndidzakuphunzitseni, tidzayambira pa wilibala!" Wina n'kuthirira ndemanga, "Lisiyeni, lapita kukatunga madzi. Ndi ntchito ya makolo ake imeneyo."

Si anthu oipa, amanyozana choncho onse, koma amuna anga sanaseke. Anavula nsapato n'kulowa m'madzi ndi jekete lomwe, matope m'mawondo, madzi m'chifuwa, munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi zitatu. Ine kumtunda mtima uli m'mwamba. Anatuluka nalo atalikumbatira. Chifuwa chinawagwira masabata awiri.

Rimoti anabweza kwa mwini wake. Boti analifunditsa thumba, ndipo iwo abwerera pawindo. Dzana ndinawapeza akuyang'ana zala zawo, iwo n'kunena kuti, "Mwina a Dalaivala sakunama. Manja awa atha." Nditawanyengerera kwambiri anati, "Chabwino, ndiyesa kamodzi kokha, Loweruka loyamba la mwezi wamawa. Likakananso ndilidula, ndipange mafanelo. Fanelo sachititsa munthu manyazi." Ndimawadziwa, Aphungu, akanena amachita. Sizasi yodulira malata aitulutsa kale, ili pashelefu.

Ndiye ndinapita ndekha kusitolo ya zidole ndi zamagetsi kuti ndiwagulire rimoti yamphamvu mwakachetechete, ndidzawadzidzimutse. Mwini sitolo anandiyalira zitatu. Yoyamba ndi yofanana ndi ya a Dalaivala, ya eriyo yaitali, akuti inatsala yokha. Yachiwiri ndi yooneka ngati mfuti, ili ndi kokoka ndi chala komanso kagudumu pambali. Pabokosi pake palembedwa 2.4 ndi matchanelo atatu. Yachitatu ndi chimphona, timitengo tiwiri, mabatani osawerengeka, kagalasi kowala, matchanelo khumi. Iye anati, "Amayi, tengani yaikuluyi. Iyi imayendetsa ndege m'mwamba, ndiye kaboti kangaivute? Madala akangoigwira, anzawo onse aja adzangoti zii." Ndinatsala pang'ono kuitenga, koma mtima unakana.

Ndithandizeni. Ndi iti mwa zitatuzi imene ingafike pakati pa dziwe boti osagontha? Matchanelo ndi chiyani, ndipo akachuluka ndiye kuti mphamvu zachulukanso? Nanga ngati vuto ndi manja awodi, ndiwauze bwanji? Ndatsala ndi masabata atatu.

Ine wanu,
Mayi E. N. C.,
kufupi ndi paki.

*

Mayi E. N. C.,

Ndinaseka malo amodzi okha, pa ndowa yopita kukatunga madzi, ndipo mundikhululukire. Kwina konse ndinawerenga mofatsa, chifukwa nkhani yanu si ya chidole. Khazikani mtima pansi. Manja a amuna anu sanathe, ndipo rimoti ya a Dalaivala inalibe vuto. Yankho munalilemba nokha m'kalata mwanu osadziwa.

Tiyambe ndi chimene chinachitika padziwe. Rimoti ndi wailesi. Imene ili m'manja imalankhula, ndipo kabokosi ka m'boti, kamene amakatcha risiva, kamamvetsera. Kawaya katalikatali kaja si chingwe chotsala ayi, ndilo khutu lake. Mafunde a wailesi amadutsa m'thabwa, m'pulasitiki ndi m'galasi mosavuta, koma chitsulo chimawatchinga ndipo madzi amawameza. Tsono taonani zimene a Sadontha anachita. Anatenga khutu, n'kulikulunga pa pensulo, n'kuligoneka pansi penipeni pamene madzi azungulira mbali zonse, pafupi ndi mota imene imatulutsa phokoso lake lamagetsi, kenako n'kulitsekera m'bokosi la malata ndi masikuluu khumi ndi awiri. Patebulo linkamva chifukwa chivundikiro chinali potero ndipo rimoti inali pamphuno. Padziwe, ine chimene chikundidabwitsa si kugontha kwake, koma kuti linakwanitsa kumva mapazi makumi awiri. Boti la a Dalaivala ndi la matabwa, n'chifukwa chake rimoti yomweyo imafika tsidya n'kubwerako.

Kuliloza ndi eriyo kunawonjezera mavuto. Eriyo imamwaza mafunde kuchokera m'mbali mwake, ndipo kunsonga kwake ndiko kofooka kwambiri. Munthu akaloza boti, amalimana ngakhale timawu tochepa timene likanamva. Pafupifupi aliyense amachita zimenezi tsiku loyamba, chifukwa mkono umangoloza wokha.

Mumvetse bwino mfundo iyi, chifukwa mudzaifuna polankhula nawo: kulakwitsa kumeneku sangakuchite mmisiri wa ntchito yachisawawa. Boti lake likanakhala ndi mipata ponseponse, mafunde bwenzi akulowa limodzi ndi madzi. La amuna anu linatsekedwa bwino mpaka mawu a wailesi anasowa polowera.

Izi zikutanthauza kuti mukanagula chimphona chija, risiva yake n'kutsekeredwanso m'malatamo, bwenzi mwezi wamawa muli ndi mafanelo. Mtima wanu unachita bwino kukana. Tiyeni tizione zitatuzo, imodziimodzi.

Matchanelo si mphamvu. Tchanelo chimodzi ndi ntchito imodzi imene rimoti ingalamule. Boti la mota lili ndi ntchito ziwiri zokha: kukhota, ndi liwiro. Chachitatu n'chabwino kukhala nacho, chifukwa ndikuona kuti munthu ngati a Sadontha sachedwa kufuna nyali kapena hutala. Asanu ndi awiri otsalawo pa chimphona chija ndi mabatani oti zala zouma zizigunda mwangozi. Palinso china. Rimoti zambiri za ndege zili ndi kamtengo ka liwiro kosabwerera pakati: ukakasiya kamakhala pomwe wakasiya, popeza ndege siima m'mwamba ndipo siibwerera chambuyo. Boti limafuna kamtengo kobwerera pakati kokha, kuti ukangochotsa chala mota iime. Chikomekome cha mkuyu, mayi. Isiyeni imeneyo.

Yakale ya eriyo yaitali imagwira ntchito, sindikuinyoza, koma ili ndi khalidwe limodzi loipa. Imalankhulira pa njira imodzi yokhazikika, ndipo risiva yake imamvera rimoti iliyonse imene ili pa njira imeneyo. Zikachitika kuti yanu ndi ya a Dalaivala zili pa njira imodzi, boti la amuna anu lidzayamba kumvera a Dalaivala, onse akuona. Ganizirani nokha zimene mkulu ameneyo angalankhule. Imasokonezekanso msanga ndi phokoso la mota, ndipo zipangizo zake zikusowa. Isiyeninso.

Mtundu woyenera ndi wa 2.4. Rimoti ndi risiva za mtundu umenewu zimadziwitsidwa kamodzi, ndipo kuyambira pamenepo zimamvana zokha ngati mayi ndi mwana wake pamsika, ngakhale padziwe pakhale maboti khumi. Matchanelo atatu akwana. Pa zitatu munaona zija, yachiwiri ndiyo ili pa njira yoyenera.

Koma musathamangire kuikulungitsa. Za 2.4 zilipo zooneka ngati mfuti, ziliponso zing'onozing'ono za timitengo tiwiri zopangidwira maboti ndi magalimoto, ndipo kusankha pakati pa ziwirizi si kwa ine, si kwa inunso. Anthu ena a zala zouma amakonda kagudumu, chifukwa amakagwira ndi zala zitatu ngati akutsegula mpopi. Ena chala chokokera chija chimayamba kuwawa pakangopita mphindi zochepa, ndiye amasankha timitengo, rimoti n'kuipachika m'khosi ndi lamba kuti manja asamalemedwe. Chimene chingagwirizane ndi zala za amuna anu adziwa ndi eni ake. Choncho zowadzidzimutsa zija muzisiye. Rimoti ili ngati nsapato, sugulira munthu ali kunyumba. Mupite nawo, aigwire mphindi zisanu zathunthu, akukoka ndi kukhotetsa, osati kungoikhudza. Ngati ya mfuti yawapweteka, mwini sitolo ayitanitse ya timitengo. Masabata atatu ndi okwanira.

Popita kumeneko munyamule boti lomwe, ndipo musachite manyazi kufunsa. Safunsa anadya phula. Rimoti ndi risiva zikhale za m'bokosi limodzi, chifukwa za makampani osiyana kawirikawiri sizimvana ngakhale zonse zitalembedwa 2.4. Muone ngati mapulagi a zimene zili kale m'botimo akulowa mu risiva yatsopano. Pali kamota kakang'ono kokhotetsa chiwongolero, kotchedwa sevo, ndi kabokosi kena kolamulira liwiro la mota. Kabokosi ka liwiroko kakhale kodziwa kubwerera chambuyo. Boti la malata ndi lolemera, siliima msanga, ndipo pamadzi kubwerera chambuyo ndiwo mabuleki.

Funso lalikulu kuposa onse ndi ili: boti likasiya kumva, mota imatani? Rimoti zabwino za masiku ano zimatchunidwa kuti mawu akangoduka, mota iime yokha. Amalonda amachitcha felisefu. Musakhutire ndi zolembedwa pabokosi. Mwini sitolo alumikize zonse patebulo pake, mota ilire, kenako azimitse rimoti inu mukuona. Mota iyenera kuima. Ikapitiriza kulira, aitchune mpaka itheke, ndipo ikakanika muisiye pomwepo. Chinthu chimenechi chikanakhalapo tsiku lija, boti bwenzi litangoima pa mapazi makumi awiri, ndipo jekete la ukwati bwenzi lili louma.

Chomaliza m'sitolomo ndi kawaya ka risiva. Ka 2.4 ndi kafupi, ndipo mbali yomva ndi kansonga kokha, kopyapyala, kotalika ngati mfundo imodzi ya chala ndi pang'ono. Kotsalako ndi njira chabe. Kansonga kameneka kayenera kutuluka kunja kwa malata. Muyezeretu ndi ulusi kunyumba, kuchokera pamene risiva idzakhale kufika pamwamba pa kanyumba kaja, ndipo musankhe risiva ya kawaya kokwanira. Asakadule, asakapinde mwamphamvu, ndipo pensulo ija muibise.

Tsopano tafika povuta, ndipo si pasitolo ayi. Munthu amene wakhala zaka makumi anayi ndi ziwiri akutseka mabowo akuyenera kuboola limodzi ndi manja ake. Likhale padenga la kanyumba ka woyendetsa, lokwana chubu cha bolopeni yakutha. Kachubuko kaime chilili, kawaya kadutse m'kati mwake, ndipo kansonga kaja kakhale pamwamba pa denga ndi zala zitatu kapena zinayi, kutali ndi chitsulo china chilichonse chotumphuka. Kumwamba atseke ndi kachivundikiro ka pulasitiki, m'munsi amate ndi silikoni. Risiva yokha ikhale chapamwamba m'botimo, m'kabokosi ka pulasitiki, kutali ndi mota ndi mawaya akuluakulu a batire. Za kamatidwe musawaphunzitse. Bowo limenelo likadzadontha, ine ndisiya kulemba.

Nanga muwauze bwanji? Musawauze. Mmisiri samva za pakamwa, amamva za m'manja, ndipo mukayamba ndi mawu oti "munalakwitsa" mudzakhala mutathandiza a Dalaivala. Tengani kawailesi ka mabatire ka kukhitchini, mutchune siteshoni imene imamveka movutikira kale, mupinde eriyo yake, mukaike m'ndowa ina ya amuna anu n'kuvundikira bwino ndi lata. Mukatchera khutu mudzamva kuti nyimbo yasanduka mkokomo. Mukavundukula, ibwerera. Chitani zimenezi kawiri pafupi ndi windo lija, kenako mufunse, "Bambo, bwanji wailesi yangayi ikalowa m'ndowa yanu ikusiya kulankhula?" Mukatero bwererani kukhitchini, musawonjezere mawu. Munthu amene anamiza pepala m'bafa kuti atsimikize ntchito yake safunika kumufotokozera kawiri.

Zonse zikalumikizidwa, musadikire Loweruka. Mupite kudziwe pakati pa sabata, kulibe owonerera. Boti muliike pampando m'mphepete mwa madzi, masikuluu onse khumi ndi awiri ali omanga, chifukwa kuyesa chivundikiro chili potero ndiko kunakunamizani poyamba. Inu mukhale pambali pa boti, mutaligwira, mota ikulira pang'ono, zala kutali ndi pulopela yozungulira kumbuyo kwa botilo. Iwo ayende ndi rimoti akukhotetsa chiwongolero, ndipo inu muzikweza dzanja nthawi iliyonse chikakhota. Apite kutali koposa m'lifupi mwa dziwelo. Likamva pamenepo, mulitembenuze kuti kumbuyo kwake kuyang'ane kwa iwo, muyesenso. Likalephera, musataye mtima: muone mabatire ngati ali odzaza, mukweze kansonga kaja pang'ono, musunthe risiva. Nthawi zambiri vuto limakhala limodzi mwa zitatuzi. Sindinalione botilo ndi maso anga, choncho sindingalumbire kuti mulibe china, koma kuyesa kwa pamtundaku kudzaulula chilichonse madzi asanachiulule pagulu.

Kenako mulilowetse m'madzi, ulendo woyamba litamangidwa ndi chingwe chopyapyala chowedzera nsomba, liziyenda chakufupi. Azolowere mwambo uwu: poyatsa, rimoti poyamba, boti pambuyo, pozimitsa, boti poyamba, rimoti pambuyo. Boti lisakhale loyaka popanda womvera. Adziwenso kuti boti likamabwera kumene iwo aima, kumanja kumaoneka ngati kumanzere. Zimenezi zimasokoneza aliyense, ndi oyendetsa mabasi omwe, ndipo mankhwala ake ndi masana awiri kapena atatu ozungulira mozemba maso a anthu. Si nkhani ya ukalamba.

Za a Dalaivala musawasungire mangawa. Munthu wobwereka mnzake rimoti yake si mdani, ndipo n'kutheka kuti za malata sazidziwa n'komwe, popeza boti lake ndi la matabwa. Tsiku lina adzafunsa kuti kachubu ka padenga n'kachiyani, ndipo pamenepo ophunzitsa adzakhala a Sadontha.

Chenjezo langa ndi limodzi, ndipo ili lokha muwauze mosazungulira. Asadzalowenso m'dziwe kutsatira boti, kaya litani. Matope a pansi pa dziwe amagwira mwendo osausiya, bango limabisa pozama, ndipo madzi ozizira amafooketsa munthu asanazindikire. M'chikwama chanu muzikhala mpira wa tenesi womangidwa ku chingwe chachitali: mumauponya kupyola boti n'kukoka pang'onopang'ono. Zikakanika, mnzawo alikankhe ndi boti lake, kapena mudikire mphepo ilibweretse kumtunda. Boti limene linakhala pansi pa njerwa tsiku lonse osalola dontho likhoza kudikira ola limodzi m'bango. Chifuwa cha munthu wa zaka zawo sichingadikire choncho. Boti likatayika amapanga lina. Inu a Sadontha muli nawo amodzi.

Musangokhulupirira mawu anga. Ndowa muli nazo zambiri m'nyumbamo, wailesi ili kukhitchini, ndiye tayesani mawa m'mawa tiyi asanazizire. Sizasi ija muisiye pomwe ili, adzaibweza okha m'bokosi. Ndipo mukadzamva thumba lija likuvundukulidwa, kenako iwo n'kuyamba kufunsa kumene kuli chobowolera, musanene zambiri. Ingowapatsani bolopeni yakutha.

Aphungu